Mbale za Dona ku Mbayani

Ku Mbayani maliro akagwa, amayi awiri amanyamula beseni n'kuyamba kuzungulira m'makomo, kutolera mbale zoti anthu adyeremo pasiwa. Aliyense amapereka zimene ali nazo, atazilemba kunsi ndi penti kapena kyutekisi kuti zidzabwerere kwa mwini wake. Koma pakhomo pa mayi Anastazia beseni lija linkangodutsa. Zaka zinayi zathunthu, popanda ngakhale wonena kuti odi.

Tisanamizane, mlanduwu anauputa okha. Mayiwa kwawo kunali ku Nsanje, ndipo anagwira ntchito ya m'nyumba zaka 26 ku Namiwawa, kwa mayi wina wachipwitikizi amene aliyense ankangomutchula kuti Dona. Pobwerera kwawo mu 1999, Dona uja anawasiyira mbale zadothi khumi ndi ziwiri zopangidwa ku China. Akuti zinabwera pa sitima yapamadzi ndi agogo a agogo ake, Kabula akadali tchire.

Zinali mbale ndithu, abale! Zoyera mbee, zopyapyala moti ukaikweza kudzuwa unkaona mthunzi wa zala zako kuseri. Ukaigogoda ndi chikhadabo inkalira ngati kabelu ka pa Misa. Pakati anajambulapo ndi utoto wabuluu kamlatho, nyumba ya madenga osanjikizana, mtengo wa nthambi zolendewera, ndi kamunthu kamodzi kali m'bwato ndi nkhafi yake. M'mphepete munali mzere wagolide umene unayamba kufufutika. Malamulo a Dona anali atatu: madzi otentha ayi, sitiliwulu ayi, dzanja la munthu wina ayi.

Ndiye mwezi woyamba atasamukira ku Mbayani, kunabwera mayi Amisa, oyandikana nawo, beseni lili m'manja. Maso awo anagwera pa kabati.

"Tibwerekeniko izo, mayi, kwa a Joseph kwagwa zovuta."

"Zimenezo si zodyera aliyense," anatero mayi Anastazia, n'kutulutsa timbale tiwiri tapulasitiki tong'aluka.

Pakamwa, pakamwa! Mayi Amisa anangoti, "Zikomo, a Dona," dzina n'kumatirira pomwepo.

Sikuti anthu ankawada. Moni ankawapatsa, pampopi ankawasiyira malo kuti atunge msanga. Koma panalibe wodzapempha mchere, wodzapala moto, kapena wodzangokhala pakhonde kudya miseche. Mwamuna analibe, mwana analibe, ndipo abale a ku Nsanje anali ataiwalana nawo kalekale. Loweruka lililonse ankatsuka mbale zija imodziimodzi m'madzi ofunda, n'kumalankhula ndi kamunthu ka m'bwato. "Iwenso sufika komwe ukupitako?"

Chaka chachinayi malungo anawagwetsa masiku anayi. Anagona akumva ana akusewera panja, amayi akuseka pochapa, mawilo a wilibala akulira m'kanjira. Chitseko chawo palibe anachikhudza. Atadzuka, anakhala pamphepete pa bedi n'kulira ngati mwana. Anachita mantha kwambiri. Anaona kuti tsiku lina adzafera m'nyumbamo, ndipo anthu adzadziwa ndi fungo.

Patangopita milungu itatu, a Sulemani, amuna awo a mayi Amisa, amene ankayendetsa minibasi ya ku Limbe, anamwalira mwadzidzidzi. Anawaika tsiku lomwelo monga mwa Chisilamu, ndipo kunamveka kuti pa tsiku lachitatu kukhala sadaka, kuphikidwa mpunga wa anthu ambiri. Beseni linazungulira, pakhomo paja linadutsa monga mwa masiku onse.

Mayi Anastazia anatsikira kumsika n'kugula kabotolo ka kyutekisi wofiira. Anatembenuza mbale yoyamba n'kulemba A wamkulu. Dona akanaona akanakomoka, koma Dona anali kutsidya kwa nyanja, ndipo chiyambire sanalembeko ngakhale kalata. Analemba zonse khumi ndi ziwiri, kuzikulunga m'manyuzipepala, kumanga ndi chingwe, n'kusenza. Njira za ku Mbayani mukuzidziwa, miyala ndi ngalande zokhazokha. Anayenda ngati wasenza mazira.

Atalowa m'nyumba ya siwa, amayi onse anatembenuka kuwayang'ana. Mayi Anastazia anagwada pafupi ndi namfedwa.

"Pepani, mayi anga, pepani ndithu. Ndabweretsako timbale."

Mayi Amisa anawayang'ana ndi maso otupa. "Zikomo, a Dona. Afisa, landira."

Afisa, mwana wamkulu wa malemu, analandira ndi manja awiri n'kulowa nazo kuchipinda. Wina anathamangira mpando, koma mayi Anastazia anaukana, nakhala pamphasa ndi anzawo kusankha mpunga. Nthawi ya chakudya anaponya maso uku ndi uku, mbale yabuluu osaiona. Anaganiza kuti zapita kwa abambo, mwina akudyeramo mashehe, ndipo mtima unakhala m'malo. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akuimba nyimbo ya kwaya.

Kubweza mbale ku Mbayani ndi ntchito ya sabata yathunthu. Penti imafufutika, mbale ya uyu imapezeka kwa uyo, ina yabenthuka, ina yasowa. Amayi amayenderana, kukangana, kuseka, kupepesana, tiyi n'kumwedwa. Mayi Anastazia anasesa pakhonde, anagula shuga ndi masikono, natsuka makapu awiri. Lachitatu masana anamva mawu amene anawadikira zaka zinayi.

"Odi kuno!"

Anali Afisa, beseni lili pamutu. Analitula pakhomo mosamala, n'kutulutsamo mtolo wa mbale zija.

"Amayi akuti zikomo kwambiri, Mulungu akudalitseni."

"Lowani, mwana wanga, tiyi wapsa kale."

"Pepani, ndikadali ndi makomo ambiri."

Mayi Anastazia anawerama kuti amasule chingwe, n'kuima. Mfundo inali yawo yomwe ija. Manyuzipepala anali opinda mmene anawapindira okha, popanda dontho la mafuta, popanda kambewu kamodzi ka mpunga.

"Simunadyeremo?"

"Aa, a Dona, ife ndani?" anatero Afisa mwaulemu wake wonse. "Amayi anati tizibise kunsi kwa bedi, ana angazigunde. Tikanaswa imodzi tikanalowera kuti? Onani, zonse zilipo, palibe yakhudzidwa."

Mayi Anastazia anakhala pansi pomwepo pakhomo.

"Mwana wanga, bwenzi mutaswako. Ngakhale imodzi yokha."

Afisa anaseka, kuyesa nthabwala za achikulire. Anatsanzika, nasenza beseni lake, nawolokera khomo lotsatira kukabweza timbale tiwiri tachitsulo. Asananene n'komwe odi, mawu anamveka m'katimo akumuuza kuti alowe, akhale pansi.