Mayi Ake a Lívia Pageti

Belu lowerukira litalira, a Valdomiro anatsegula geti la sukulu n'kuima pakati, monga ankachitira kwa zaka khumi ndi zinayi. Inali sukulu ya ana a anthu olemera mumzinda wa Porto Alegre. Anthu akuda amene ankaoneka pamenepo anali iwowo, mlonda, ndi atsikana olera ana, omwe mabwana awo ankawaveka zoyera.

Tsikulo panafika mayi wakuda wovala zoyera, ali wefuwefu.

"Ndabwera kudzatenga Lívia," anatero mayiyo.

A Valdomiro ankamudziwa bwino Lívia, kamwana koyera ka tsitsi lopotana. Masiku onse ankamutenga ndi bambo ake, mzungu, a Rogério.

"Olera ana amadikira kugeti lakumbali, chemwali. Kalata ya mabwana ako ili kuti?"

"Mabwana anga?"

"Usandivute iwe. Atsopanonu mukangovala yunifomu mumayesa mwana ndi wanu."

Azimayi awiri achizungu amene anali pambali anaseka. A Valdomiro nawo anaseka, mpaka anaona Lívia akuthamanga, chikwama chili lendelende.

"Amayi!"

Mayiyo anatulutsa chiphaso n'kuwaonetsa pafupi ndi mphuno. Dzina lake linali Neusa, dokotala wa mano.

"Ndachokera kuntchito, sindinasinthe. Mwanayu ndinabereka ndine. Kapena ndikuonetseninso chipsera cha pamimba?" Kenaka anatsitsa mawu. "Akanatero awo, ndikanangowasiya, ndinazolowera. Koma inu, bambo?"

Lívia anayang'ana azimayi oseka aja, n'kukoka dzanja la mayi ake.

"Amayi, mawa adzabwere adadi."

A Neusa ananyamula chikwama cha mwanayo, ulendo.

Kunyumba, akazi a Valdomiro, a Cida, anamva nkhaniyo akusankha nyemba.

"Inuyo? Amene mumabwera kuno mukulira kuti alonda a m'sitolo amakulondolani ngati wakuba? Chipewa chaulondacho chakusandutsani mzungu eti?"

"Ndinangoona zovala."

"Bodza. Munaona nkhope."

M'mawa mwake, m'basi monse a Valdomiro ankayeseza mawu opepesa. Koma masana anabwera a Rogério. Mawa lake, a Rogério. Sabata zitatu zinatha choncho, ndipo Lívia, amene kale ankapatsa a Valdomiro moni wa m'manja potuluka, ankangodutsa atawerama.

Tsiku lina a Valdomiro analimba mtima, navula chipewa.

"Bwana, adokotala sabweranso? Ndimafuna ndiwapepese ndekha."

"Iwo amafuna kubwera," anatero a Rogério. "Mwana ndiye akukana. Akuti anzake amufunsa ngati uja ndi wantchito wawo." Anaima pang'ono. "Ndikufunseni, a Valdomiro. Tsiku loyamba limene ine ndinabwera pano, munandifunsa kalata?"

A Valdomiro anayesa kukumbukira. Sanawafunse kalata, ngakhale dzina. Anangowatsegulira.