Gome la Galasi

Alendo anafika Lachiwiri pa minibasi yodzaza mpaka padenga: malata, zitini za penti, makatoni a mabaibulo, ndi chinthu china chachitali chokulunga m'mabulangete. Anachokera ku mpingo wathu waukulu wa mumzinda, ndipo anabwera ndi abusa aakulu, amene amayang'anira matchalitchi onse a dera lino. Ankati abwera kudzalimbikitsa abusa akumudzi. Ine ndinawalandira mano onse ali panja, koma mtima uli m'mwamba.

Chifukwa chake n'chakuti amuna anga, omwe akhala m'busa pano zaka makumi awiri ndi zisanu, saona. Papita zaka zinayi. Amasiyanitsa kuwala ndi mdima, amaona chithunzithunzi cha munthu akaima pakhomo, basi. Tsono lamulo la mpingo wathu limati m'busa amene sangathe kuwerenga Mawu pamaso pa anthu apumitsidwe. Liwu limenelo ndimadana nalo. Kupumitsa munthu amene sanatope ndi kumuchotsa ntchito, kungoti womuchotsayo akumwetulira.

Tinali ndi njira yathu. M'mawa uliwonse ndimawawerengera ndime ya Lamlungu, katatu kanayi, mpaka ilowe m'mutu. Kuchokera pa kachitseko ka m'mbali kufika pagome lolalikirapo ndi mapazi khumi ndi limodzi. M'mphepete mwa gomelo, limene anapala okha tisanakwatirane, ndinakhomamo misomali iwiri yoti chala chizipeza poika Baibulo. Amatsegula, kuyendetsa chala pa tsamba, n'kumanena za m'mutu. Ndinkadziyesa wochenjera kuposa mpingo wonse.

Ndisawanamizire alendowo, ntchito anagwira. Denga limene linkadonthera kwaya analikhoma mwatsopano, makoma anayera, simenti ya pansi anaipaka penti yofiira. Masana ankaphunzitsa abusa a m'midzi yozungulira, ndipo amuna anga ankakhala kutsogolo n'kumagwedezera mutu zinthu zimene anayamba kuchita aphunzitsiwo asanamere mano.

Loweruka sanatilole kulowa m'tchalitchi.

"Penti sinaume, mayi busa," anatero mayi wina wa alendowo, amene sankasiyana ndi kamera. "Komanso takusungirani kanthu. Mawa mukaona, mugwetsa misozi."

Lamlungu tchalitchi chinadzaza. Ndinakhala pa benchi yanga yakutsogolo, ndipo ndinakweza maso. Gome lakale panalibe. Chapakati, osati pamalo akale, panaima gome latsopano la galasi lokhalokha, loonekera mbali zonse. Ngakhale ife amaso tinkalizindikira chifukwa cha maluwa amene anaika pamwamba pake.

Ndisanaimirire, kachitseko ka m'mbali kanatseguka. Amuna anga analowa Baibulo lili m'khwapa, akuyenda monga mwa masiku onse, ine ndikuwerenga nawo mumtima. Pa phazi lachisanu ndi chitatu anagunda galasi ndi chifuwa. Gome linagwedezeka, maluwa anagwa. Iwo anabwerera m'mbuyo, natambasula manja onse awiri n'kuyamba kupapasa, aliyense akuona.

Abusa aakulu anaimirira pang'onopang'ono. Anatenga Baibulo limodzi mwa atsopano aja, kulitsegula, n'kuwaikira m'manja.

"Abusa, tatiwerengereni pamene ndatsegulapo."

Amuna anga analilandira. "Sindingathe," anatero.

"Kuyambira liti?"

"Zaka zinayi," ndinayankha ndine. Ndinali nditaimirira kale.

"Mayi busa, khalani pansi. Nkhaniyi tikambirana pambali. Bambo awa agwira ntchito, tsopano ayenera kupuma."

"Anakuuzani kuti atopa?" ndinafunsa mokwiya. "Dzulo lomweli ayenda maola awiri kukaona wodwala, inu mukujambulana ndi zitini za penti. Maliro onse a m'mudzi muno amaika ndi iwo, ana onse muli kuwaonawa anawadalitsa ndi iwo. Maso awo ndine. Ngati pali woti apumitsidwe ndiye ine, ndipo nanenso sindinatope."

Alendo anagwetsa nkhope. Mayi wa kamera uja anaibisa pansi pa benchi.

Kumbuyo kwanga kunaimirira atelala, mayi amene amasoka mayunifolomu a kwaya ndi kutsogolera amayi osesa m'tchalitchi. Munthu wosayankhula pagulu ameneyo.

"Abusa aakulu, pepani. Ifetu tikudziwa kalekale."

Ndinacheuka.

"Nanga inu mayi busa, mumaganiza kuti mabenchi amabwerera okha pamalo pake?" anatero akundiyang'ana. "Tinagoba timizere pa simenti, pansi pa mwendo uliwonse wa gome ndi mabenchi akutsogolowa. Tikasesa timabwezera pomwepo. Anzathuwa ndi amene apaka penti pamwamba."

"Akadumpha liwu powerenga," anawonjezera mkulu wa kwaya, "ife timangokweza ameni."

Anthu anaseka, ngakhale amuna anga. Ine manyazi anandigwira, kenako misozi. Zaka zinayi ndinkabisira anthu chinthu chimene iwonso ankandibisira.

Atelala sanadikire chilolezo cha munthu. Anakodola abambo anayi, ndipo anakatenga gome lakale kuseri kumene alendo analitaya pamodzi ndi malata odooka. La galasi analikokera kukhoma, n'kubwezerapo maluwa ake. Atelalawo anagwada ndi chovala chawo cha Lamlungu, natenga kiyi n'kuyamba kupala penti yatsopanoyo mpaka timizere tinayi tinaoneka. Palibe mlendo amene anawaletsa. Mmodzi, bambo amene anakhoma denga, anavula jekete n'kuthandiza kunyamula.

Amuna anga anabwerera pa kachitseko kaja, nayambiranso. Ulendo uno sindinawerenge ndekha, ndinamva milomo ya benchi yonse ikuyenda. Pa khumi ndi limodzi chala chawo chinagwera pa misomali. Baibulo sanalitsegule n'komwe. Analisiya chotseka, nanena ndime yonse maso ali kwa anthu.

Madzulo, alendo akukweza zikwama, abusa aakulu anandiitanira pambali pa minibasi.

"Ulaliki unali wabwino, sindikana. Koma lamulo ndi lamulo, mayi busa. Kalata ibwera."

"Ibwere," ndinatero. "Mulembemonso kuti gome lanu talandira, likusunga bwino maluwa."

Sanaseke. Anakwera n'kutseka chitseko.

Tsopano papita milungu itatu. Kalatayo inafika dzana, ili pansi pa nsalu ya patebulo. Lero m'mawa amuna anga andifunsa ngati kwabwera chilichonse chochokera kumzinda, ndipo ndawauza zoona, kuti chabwera. Iwo angoti tiyambe ndi ndime ya Lamlungu, kalata idikire. Tsiku lake likafika adzawawerengera ndine, monga ndimawawerengera zonse. Ndidzaiwerengera pagome, mpingo wonse uli pomwepo, ndipo ndikafika pa liwu lija la kupumitsa tidzaona ngati lidzamveke pakati pa ma ameni.