Ulendo wa ku Limbe Umene Amalume Sanaudziwe

Lezala linali litafika kuseri kwa khutu la Emelia pamene amalume ake, a Sebastiano, anayamba kulankhula. Linali tsiku lometa maliro a mayi ake, a Maness, ndipo abale onse anali atadzipanikiza pansi pa mtengo wa nimu kuthawa dzuwa la ku Maseya.

"Alamu," anatero a Sebastiano, maso ali kumbali, "mlongo wanga munamupereka ku mpeni osatifunsa. Khansa ikakhudzidwa ndi mpeni imathamanga thupi lonse. Tikusudzulani lero. Mubwerere kwanu ku Mbenje, ana atsala ndi ife."

A Tomasi, bambo ake a Emelia, anali atakhala pansi pa dothi, patali ndi benchi la eni mbumba. "Ndamva, alamu," anayankha.

Emelia anali ndi nkhani imene sanauzepo munthu.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, dokotala wa pa boma anawauza a Maness kuti chotupa cha m'bere chinali khansa, ndipo bere lonse liyenera kuchotsedwa. A Sebastiano anakaniza. Iwo ndi amene analera mlongo wawoyo mayi awo atamwalira pa opareshoni, ndipo mawu oti mpeni sankafuna kuwamva. A Maness anangoti, "Chabwino, achimwene." Sabata yotsatira anamutenga Emelia n'kulengeza kuti akukagula kaunjika ku Limbe. Minibasi itakwera chitunda chachitali cha panjirayo, anakatsikira pachipatala chachikulu.

"Dokotala wa kwathu wanena zake," a Maness anamuuza dokotala wachiwiri, mayi wamagalasi. "Ndabwera kudzamva zanu. Mukalowa Chizungu, mwana wangayu andimasulira."

Dokotalayo anafotokoza njira ziwiri. Akhoza kuchotsa chotupa chokha, koma pambuyo pake pamafunika kuwotcha pamalopo ndi makina kwa masabata angapo, kutali ndi kwawo. Apo ayi, achotse bere lonse. A Maness anafunsa ngati akugula mbuzi. Mkono udzagwirabe khasu? Njira iti ndidzaona ana nthawi yotalikirapo? Nanga ndikangokhala osachita kanthu? Dokotala sanabise: matenda anali atayenda kale, sakanalonjeza kuchira, koma mpeni si umene umafalitsa khansa.

Panja, akudikira minibasi, a Maness anadzisisita pachifuwa. "Bere ili layamwitsa ana anayi. Lipume." Kenako anamugwira Emelia dzanja. "Amalume ako asamve kuti ndasankha ndekha. Adzati ndawanyoza, adzalira. Bola akwiyire ababa ako. Aja amadziwa kupirira, tagwirizana kale."

Berelo linachotsedwa. Atachira bala, a Maness anakolola thonje kawiri, akuseka kuti tsopano thumba limakhala bwino paphewa.

"Usagwedezeke, ndikucheka," ananong'ona a Juliana, mayi ake aang'ono amene ankamumeta.

Emelia ngakhale kusukulu sankakweza dzanja. Koma anaona bambo ake akudzuka, akukutumula fumbi pathalauza, ngati munthu amene wayamba kale ulendo.

"Amalume, sanali ababa."

"Ana salankhula pano," wina anatero.

"Musiyeni," anatero a Sebastiano. "Ukuti chiyani, mwana wa mlongo wanga?"

Mutu uli wometedwa mbali imodzi, Emelia anafotokoza zonse: za kaunjika amene sanagulidwe, za njira ziwiri zija, za bere loti lipume. "Anasankha okha, amalume. Ankaopa kuti mulira."

A Sebastiano anatembenukira kwa mlamu wawo. "Inu nthawi yonseyi ndimakudutsani pamsewu osakupatsani moni, muli chete?"

"Anandipempha mwiniwake," anatero a Tomasi.

A Sebastiano anapukuta nkhope ndi chipewa, nthawi yaitali kuposa mmene thukuta limafunira. "Ndiye anakafunsa madokotala awiri?"

"Eya," anayankha Emelia. "Wachiwiriyo anamufunsa mpaka dokotalayo anapempha madzi akumwa."

Kuseka kunawatuluka a Sebastiano pamodzi ndi misozi. "Ndi Maness ameneyo. Ndi mchere womwe, sankagula kwa munthu woyamba."

Anasendera kumapeto kwa benchi, n'kupukuta ndi chikhatho malo amene anatsalawo.

"Alamu, dothi likutentha. Khalani apa, akumeteni."