Myuteksi ndi bafa lakwathu

Makina oyezera kugunda kwa mtima amene kampani yathu imapanga anayamba kuuma. Ankayaka bwinobwino, kenako zii. Abwana anangowaika patebulo panga. "Vuto lili mu kenelo, pakatikati pa pulogalamu. Zako zimenezo."

Pofika masana ndinali nditalipeza. Gawo lina la pulogalamu linkatseka loko wotchedwa myuteksi n'kumadikira kuti gawo linzake lidzatsekule, zomwe sizololedwa. Mankhwala ake ndinkawadziwa. Komabe ndinatenga foni n'kutuluka pakhonde.

Ntchitoyi anandiphunzitsa ndi achimwene anga, pa kompyuta yakale yothothoka mabatani. Atakwatira anasamukira kutali. Masiku ano ukawaimbira kuti ungowalonjera, amati "ndikuimbira," basi mpaka mwezi kutha. Koma funso la ntchito salikana.

"Iwe, mutuwo unabwereketsa?" anatero nditawafotokozera. "Myuteksi ndi loko wa bafa lakwathu lija. Amalowa mmodzi, ndipo wotseka ndi yemweyo wotsegula. Wapanja sangakutsegulire."

"Nanga semafo?"

"Ameneyo ndi mlonda wa poimika magalimoto. Amangowerenga malo otsala. Watuluka ndani, alibe nazo ntchito. Malo akapezeka amakodola wotsatira. Iwe ukufuna gawo lina lizidzutsa linzake, ndiye ika semafo."

"Bafa limenelo munkakhalitsamo ndi inu," ndinatero. "Mukuimba mosasa, ife tili pamzere ndi matawulo."

Anaseka kuseka kwawo kuja kothera m'kutsokomola. Ndinatsamira khoma, maso nditatsinzina. Ndinkamva ngati ali kuseri kwa chitseko.

Kenako panamveka kamawu. "Adadi, ndi ndani?"

"Azakhali ako."

"Azakhali ake ati?"

Mwanayo sindinamunyamulepo. Ndimangomudziwa pa zithunzi, ali ndi mphumi ngati ya amayi athu. Ndinafuna kunena kuti mupatseni foni, koma akazi awo, alamu anga, anaitana chapatali kuti galimoto ikudikira.

"Chemwali, ndithamange. Ukonze zimenezo, usatichititse manyazi."

Ndinabwerera patebulo n'kusintha mizere ingapo. Makina anayaka, osaumanso. Anzanga anandiombera m'manja, abwana akuti, "Ana a masiku ano!"

Poweruka ndinadutsa pasitolo ya zovala za ana. Ndinasankha kajuzi kachikasu ka mabatani akuluakulu.

"Amavala saizi yanji mwanayo?" anafunsa mayi wogulitsa.

Poyerekeza msinkhu wake, ndinaika dzanja m'chiuno mwanga, kenako ndinalikweza pang'ono, n'kulitsitsanso.

"Ndipatseni kokulirapo," ndinatero. "Akula nako."