Nyanja ya Felista

Boyd anali atafika pa mapu achitatu, akufotokozera abwana ndi antchito anzake, pamene Lusubilo analowa muholo. Pambuyo pake panali mayi ake, akadali mu yunifomu ya kunyumba yosamalira okalamba ku Evington.

Mtima wa Lusubilo unkawira. Zaka ziwiri anakhala chiweramire pa mapepala achikasu a azungu amene anayeza mapiri a Rwenzori kalekale, akukopera mzere uliwonse wosonyeza pamene madzi oundana ankalekezera. Ndiye Boyd, wakwawo mnzake kudziko la eni kuno, munthu amene iye anamugoneka pabalaza ku Braunstone miyezi inayi n'kumupezera ntchito pakampani yojambula mapu imene iye ankagwirako, anangotenga fayilo, kufufuta dzina la Lusubilo, n'kulembapo lake. Wopanda manyazi! Tsiku limenelo abwana ankasankha woti atsogolere ntchito yonse, ndipo maso awo anali pa Boyd.

Koma ojambula mapu ali ndi chizolowezi chawo. Amabisa kabodza kamodzi, kamsewu kapena kamtsinje komwe kulibe, kuti wokopera mwakuba adzagwidwe nako. Lusubilo anali atatchera kale msampha wake.

Anakweza dzanja n'kufunsa m'Chingerezi, mawu ali ziii.

"Kanyanja ako, m'munsi mwa madzi oundanawo, dzina lake n'chiyani?"

Boyd anasuzumira pamapu. "Nyanja ya Felista. Oyeza malowo anaitcha dzina la mkazi wa mkulu wawo."

"Zoona? Munaziwerenga pati?"

"M'mabuku awo akale," anatero Boyd, osaphethira n'komwe.

Lusubilo anatembenuka. "Amayi, taimirirani. Abwana, Felista wake ndi awa. Nyanjayo ndinaijambula ndekha."

"Ine nyanja?" anadabwa mayi Felista m'Chichewa. "Kusambira komwe sinditha!"

Abwana anaitanitsa pepala lakale lija n'kuliyala patebulo. Chala chawo chinayenda, chinabwerera, chinayendanso. Pamalo pa nyanjayo panali miyala yokhayokha.

Boyd anasendera kwa Lusubilo, thukuta lili kamukamu. "Achemwali, tiyeni tikadisikase panja. Ndife amodzi, musandiyalutse pamaso pa azungu."

"Umodziwo waukumbukira lero? Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, achimwene."

Abwana anapempha Lusubilo kuti apitirize kufotokoza mapuwo. Iye anaimirira, koma asanapite kutsogolo anatambasula dzanja kwa Boyd.

"Kiyi wa kunyumba kwanga uja."

Boyd anamuchotsa pa mphete ya makiyi, holo yonse ikuyang'ana.