Nkhwangwa ya m'kalata ya Tobias

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa, anthu ali kalikiliki kuthyola khofi. Inachokera kwa a tsidya la mtsinje, amene ankalimbirana nawo munda wa m'malire, ndipo inali m'Chingerezi. Anathamangira nayo kwa Veronika Gende, mphunzitsi wopuma ntchito.

Anaiwerenga chamumtima, n'kuima pa mzere womaliza. Amuna anali atamuzinga, mlongo wake Kawage ali patsogolo.

"Achemwali, mwangoti zii bwanji? Akuti chiyani?"

"Akuti tizule mpanda pofika Lachisanu. Tikapanda kutero, afukula nkhwangwa."

"Nkhwangwa yanji? Anakwirira nkhwangwa m'munda mwathu anthu amenewa?"

Ena anaseka. Veronika akanatha kuseka nawo, nkhani n'kufera pomwepo, koma kunama sankakutha.

"Ndi kayankhulidwe ka azungu. Adani akayanjana, amati akwirira nkhwangwa. Kuifukula ndiye kuyambitsa nkhondo."

Dzuwa lisanafike pamutu, matumba a khofi anali atatayidwa m'mizere, amuna akukunga mauta, amayi akukusira nkhumba kuphiri. Veronika anasowa pokhala. Alowe m'nyumba, atuluke, aiwerengenso kalata. Nkhondo yapitayo inamulanda mwamuna. Komanso dzina losaina m'munsi ankalidziwa: Tobias Waim, mwana wa tsidya lomwelo, amene iye mwini anamuphunzitsa kugwira pensulo, pano kalaliki m'tauni ya Kundiawa.

Anakwera basi osatsanzika aliyense. Anamupeza Tobias pakhonde la ofesi akudya mbatata yootcha.

"Aphunzitsi! Kwagwanji?"

"Iwe, mawu awa unawatola kuti?"

"Pa wailesi. Sakumveka bwino ngati? Ndimatanthauza kuti tiudzutsanso mlandu kukhoti."

"Kukhoti! Walengeza nkhondo, mbuli iwe. Kwathu akunola mivi pano."

Tobias anasiya kutafuna. "Ndilembe ina msangamsanga?"

"Kulemba kwako kwakwana. Nyamuka, ukanene ndi pakamwa pako."

M'basi monse Veronika ankangosuzumira kumapiri, kuopa kuona utsi wa nyumba zoyaka. Anafika dzuwa litapendeka. Tobias anaima pabwalo, malaya atanyowa ndi thukuta, n'kufotokoza m'chiyankhulo chawo, mpaka kawiri. Kawage sanatule uta.

"Akuluakulu akwanu anadziwa zimene unalembazi?"

"Anangodinda chala, achimwene. Sindinawawerengere."

"Ndiye ugona konkuno. Abwere amalume ako adzanene okha."

Veronika anamuyalira mphasa m'nyumba mwake, iye n'kukhala pakhomo kuti wina asayerekeze kulowa.

Amalumewo anaoloka mtsinje m'mamawa, atasenza mtolo wa nzimbe. Asanapereke n'komwe moni anayamba kumulalatira Tobias, mawu osayenera kunenedwa pamaso pa amayi, mpaka Kawage yemwe anachita kuwaleretsa. Kenako anakhala pansi onse n'kudya nzimbe zija.

Mpanda sunazulidwe. Mlandu wa munda unapitadi kukhoti mwezi wotsatira, ndipo mpaka lero sunagamulidwe.