Mizere ya Choko Pakhoma

Zaka zitatu zathunthu a Telala sanapondeko kunja kwa geti. Osati kuti miyendo inkavuta ayi, miyendoyo inkapalasa makina osokera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Vuto linayamba tsiku lina akuchokera kogula ulusi. Mtima unangoyamba kugunda ngati ukufuna kutuluka, mpweya kubanika, msewu kuzungulira, iwo pansi khu. Adokotala anawayeza paliponse n'kunena kuti thupi lili bwinobwino, ndi mantha chabe. Mawu akuti "chabe" amenewo ndiye anawapweteka. Kuyambira pamenepo, akangogwira chitsulo cha geti, m'manja munkachita thukuta.

Makasitomala ankabwera okha kunyumba. Ulusi ankawagulira achimwene awo, bambo wa pakamwa posatseka. "Achemwali, kunjaku kulibe mikango," ankatero akuponya phukusi patebulo.

Ndiye mwana wamkazi wa a Telala, mmodzi yekhayo, anakhala ndi pakati. Anabwera kudzakulitsa diresi, ndipo amayi ake ali mkati momuyeza m'chiuno, iye anati, "Amayi, tsikulo ndikufuna mudzakhalepo inuyo. Osati azakhali, osati apongozi. Inuyo."

Chipatala chinali kumapeto kwa msewu womwewo, ulendo wa mphindi khumi. A Telala anachita manyazi, anachita mantha, koma anavomera.

Iwo sankakhulupirira chinthu chimene sanachiyeze. M'mawa mwake anatenga tepi ndi choko cholembera nsalu, anatsegula geti, anayeza matepi awiri kutsata mpanda, n'kulemba mzere wabuluu pakhoma. Anaima pamzerepo mpaka mtima unakhala pansi, kenako liwiro la m'nyumba. Tsiku lotsatira anawonjeza ena awiri. Lamulo lawo linali limodzi: kufika pamzere wadzulo, kuwonjeza pang'ono, basi. Kupyola apo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti agwa.

Achimwene aja atawapeza atawerama pakhoma la eni, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Kodi mukufuna kuusokera diresi msewuwu?"

"Ndiyamba ndasoka pakamwa panupo," anayankha osacheuka n'komwe.

Miyezi inapita. Mizere inadutsa pagolosale, inadutsa pometera, inadutsa pagaraja ponunkha oyilo. Masiku ena ankabwerera panjira akulira ndi ukali, akulumbira kuti zimenezi zatha, mawa lake n'kutulukanso. Pakati paja pofika mwezi wachisanu ndi chitatu, mzere womaliza unali penapake pakhoma lalitali la fakitale, khoma lofanana paliponse. Ulendo unali ukadalipo ndithu, koma ankadzilimbitsa mtima kuti kwatsala mwezi.

Wam'mimbayo sanafunse za mizere. Lachiwiri masana, mvula ya masiku awiri itangokata kumene, foni inalira. Anali mkamwini wawo: matenda ayamba, ali kuchipatala, akungoitana amayi.

A Telala anatuluka tepi ili m'khosi. Atayang'ana pakhoma, anaima. Mvula inali itatsuka zonse, panalibe mzere ndi umodzi womwe.

Anayamba kuyenda maso ali pakhoma, akufunafuna. "Ndikaupeza womaliza uja ndiima, ndipume, ndione chochita," anadziuza. Atafika pafakitale mtima unayamba kugunda kwake kuja. Anaulankhula monga ankachitira ndi kasitomala wovuta: "Gunda mmene ungathere, koma pamzere sitinafike." Apa panalibe. Apanso panalibe. Khoma lija linatha, linayamba lina loyera, iwo maso ali pompo, mpaka dzanja linagunda chitsulo.

"Mwabwera kudzaona ndani, mayi?" anafunsa mlonda.

Anadzutsa mutu. Linali geti la chipatala. Anacheuka n'kuona msewu wonse uli kumbuyo kwawo, wonyowa, msewu wamba, anthu akungodziyendera. Mzere uja anali ataudutsa kalekale, ndipo sanagwe. Anaseka misozi ikutsika.

M'chipindamo mwana wawo anawafinya dzanja mpaka zala kuchita dzanzi. "Mwabwera ndi ndani, amayi?"

"Ndekha, mwanawe. Wapansi."

Dzuwa lisanalowe kunabadwa mtsikana wa mawu ake. Anamwino atamufunditsa, agogo atsopanowo anavula tepi m'khosi n'kumuyeza kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, poti malaya oyamba sangasoke wina iwo alipo.

Achimwene aja anafika ndi takisi, ataibwereka mothamanga atamva nkhani. Anaima pakhomo akuwayang'ana mlongo wawo, ndipo kwa nthawi yoyamba pakamwa paja panatsekeka. Kenako anati motsitsa mawu, "Achemwali, galimoto ili panja. Ndikakusiyeni kunyumba."

"Pitani, ine ndiyenda," anatero a Telala akukoleka tepi m'khosi. "Ndikufuna ndidzere kogula ulusi. Zaka zitatu mwakhala mukundigulira woduka msanga."